Phazi la a Eusebio

Yadira Ocampo anayamba kufuna unamwino ali ku sekondale, ndipo pofika zaka makumi awiri ndi zisanu anali atachita zonse zimene sukulu ya unamwino imafuna munthu asanalowe. Maphunziro oyambirira, a thupi la munthu ndi a tizilombo toyambitsa matenda, anakhoza bwino ndithu, ngakhale ankaphunzira madzulo ataweruka ku shedi yolongedza zipatso. Chimene chinatsala ndi malo. Ofuna unamwino ku koleji ya m'dera lawo anali ochuluka kuposa mipando, ndiye akuluakulu a koleji ankachita maere pakati pa onse okhoza. Maere anachitika kawiri, ndipo kawiri konse dzina lake silinatuluke.

Ankakhala ndi bambo ake, a Eusebio, m'kanyumba ka lendi kumapeto kwa tauni ya Dinuba, kumene nyumba zimathera ndipo minda ya malalanje imayambira. Mayi ake anamwalira kalekale. Mchimwene wake Beto anali pabanja pake, ankayendetsa lole ya mkaka, ndipo ankabwera Lamulungu kudzadya ndi kudzapereka malangizo amene palibe anawapempha.

Mlangizi wa ku koleji ndi amene anauza Yadira kuti asamangodikira manja ali lende. Anati ambiri odikira amatenga kaye satifiketi ya wothandiza dokotala n'kumagwira ntchito pa kiliniki, kuti dzina likamadzatuluka adzakhale atazolowera kale chipatala. Masatifiketiwo anali awiri. Ina inali ya pa desiki: kulandira odwala, kuyankha foni, kuika masiku oonana ndi dokotala, kulimbana ndi a inshulansi. Inayo inali ya m'zipinda: kuyeza kuthamanga kwa magazi, kubaya jakisoni, kutenga magazi, kutsuka zilonda. Maphunziro ake onse anali a miyezi yowerengeka, koma ankachitika nthawi imodzi, ndiye munthu ankayenera kusankha.

Yadira sanaone chovuta. Munthu wofuna unamwino angakhale pa desiki kutani? Anauza mlangiziyo kuti atenga ya m'zipinda. Kalembera anali asanayambe, ndiye anabwerera ku shedi kukapitiriza kusankha malalanje pa lamba woyenda wa makina, abwino uku, owonongeka uku, kudikira kuti mwezi uthe.

Inali nyengo ya chifunga, pamene anthu amadulira mpesa. A Eusebio ntchito yawo inali imeneyo chibwerere kuchokera kwawo ku Michoacán, kutsidya kwa malire a dziko, ali mnyamata. Matenda a shuga anali atakhala nawo zaka zambiri, ndipo mapazi awo anali atachita dzanzi moti ankanena moseka kuti amayendera mapazi obwereka. Tsiku lina Yadira akuchapa anapeza sokosi yawo ili gwa, itathimbirira ndi zinthu zachikasu. Atawafunsa anati ndi kachilonda chabe, kawaya kanalowa mu jombo ndipo anakazindikira madzulo povula. Anali akupakapo mafuta n'kumanga ndi kansalu. Anakana kumuonetsa. Yadira anawatengera ku kiliniki mokakamiza, iwo akudandaula njira yonse kuti kapitawo sadikira munthu.

Amene anawalowetsa m'chipinda anali mayi Vang, wothandiza dokotala amene anakalambira pa kilinikiyo. Anali mzimayi wamfupi wa mtundu wa Ahmong, ndipo Chisipanishi chake, chinenero cha a Eusebio, chinali chothyokathyoka koma chokwanira kukalipira madala osamva. Anawavula sokosi, anayang'ana, n'kupita kukaitana dokotala. Dokotalayo anati mnofu wakufa uyenera kuchotsedwa kuti wamoyo upeze mpata wopola. A Eusebio, ali chigonere pa bedi, analoza mwana wawo.

"Adokotala, uyu ndi mwana wanga, namwino wa mawa. Muloleni aone, ayambe kuphunzirira pa ine."

Dokotala anamwetulira n'kumukodola. Yadira anasendera. Chilondacho chinali pansi pa phazi, pafupi ndi kachala kotsiriza, ndipo chinali chozama kuposa mmene ankaganizira. Zithunzi za zilonda zoposa pamenepo anali ataziona m'mabuku, ndipo ku koleji anang'ambapo mtima wa nkhosa dzanja losanjenjemera. Koma kampeni katayamba kusenda m'mbali, fungo litakwera, makutu anayamba kulira, ndipo mawu a dokotala anapita kutali. Anafuna kunena kuti atuluke kaye. Anatsitsimuka ali chagada pansi, miyendo yake itasanjikidwa pa mpando, mayi Vang atamugwira mutu akumuuza kuti asadzuke msanga. Pa bedi a Eusebio anali atadzutsa khosi akufunsa ngati mwana wawo wavulala, phazi lawo lili m'manja mwa dokotala, osamva kalikonse.

Anakwera galimoto kubwerera kunyumba. A Eusebio anayesa kuyambitsa nkhani ya chifunga, kenako ya mtengo wa mafuta a galimoto, koma nkhani zonsezo zinafera m'njira.

Lamulungu Beto anabwera atamva kale. Asanakhale pansi n'komwe anati wamva kuti namwino wa m'banja muno anagonekedwa wodwala asanagonekedwe. A Eusebio anamukalipira, koma nawonso chiseko chinkawagwira. Yadira anapitiriza kutembenuza zakudya pa chiwaya ngati sanamve. Atatha kudya, akutsuka mbale awiri, Beto anasiya nthabwala. Anati palibe chochititsa manyazi, anthu amabadwa mosiyana, iyeyo sangakwere makwerero popanda miyendo kunjenjemera. Anatchula msuweni wa mkazi wake amene amagwira pa desiki ku chipatala cha mano, amakhala pamphepo yabwino tsiku lonse, ndipo amaweruka zovala zili zoyera.

"Mutu uli nawo, Chingelezi uli nacho, Chisipanishi uli nacho," anatero. "Ufuniranji kumagwa pansi anthu akuona, mlongo wanga?"

Chimene chinamupweteka Yadira n'chakuti Beto ankanena mwachikondi, ndipo mwina ankanena zoona. Kwa zaka zonsezi anali kukwiyira maere, kuti akumutsekera njira yomwe inali yake. Tsopano pa lamba wa malalanje ankadzifunsa ngati maerewo sanamuchitire chifundo, kumubisa kuti asakagwe pamaso pa kalasi yonse. Ankadzifunsanso kuti unamwino anaufunira chiyani kwenikweni. Ankakumbukira anamwino amene anasamala mayi ake m'masiku otsiriza, mmene ankalowera m'chipinda anthu onse n'kupuma. Ankafuna kukhala munthu wotero. Koma iye ankawaona akulowa ndi kutuluka basi. Zimene ankachita katani ikatsekedwa sankaziona, chifukwa ana ankatulutsidwa panja.

Tsiku lobwerera ku kiliniki Yadira sanalowe ndi bambo ake m'chipinda. Anatsala pa benchi n'kumayang'ana mayi wa pa desiki. Kunabwera gogo wina wamwamuna atanyamula mapepala a inshulansi amene sankawamvetsa, atakwiya ndi mantha. Mayi uja anamukhazika pansi, anaimba foni, anadikira, anakangana ndi munthu wa mbali inayo mwaulemu koma mosagonja, mpaka gogoyo anapatsidwa tsiku lake loonana ndi dokotala ndipo anachoka akuvula chipewa. Yadira anaona kuti imeneyo inali ntchito yeniyeni, ndipo anadziwa kuti iye angaigwire bwino, mwina kuposa ambiri. Anaonanso chinthu china chimene sanakonde. Akakhala pa desikipo, nkhani ya unamwino idzatha yokha mwakachetechete. Sadzafunika kuuza aliyense kuti wasiya. Adzangosiya kulembetsa maere, ndipo wofunsa adzamuyankha kuti dzina silinatuluke.

Mayi Vang anatuluka kudzamuitana. Anati dokotala walamula kuti chilonda chizitsukidwa ndi kumangidwa tsiku lililonse, ndipo namwino woyendera m'makomo azibwera mwa apo ndi apo chabe. Masiku enawo ndi a pabanja. A Eusebio okha sangathe, chifukwa pansi pa phazi sapaona ndipo sakumva. Anafunsa ngati kunyumba kuli wina. Yadira anati kulibe.

Ali m'kanjira kopita ku chipinda, Yadira anauza mayi Vang za masatifiketi awiri aja, n'kuwafunsa ngati iwo anakomokapo poyamba. Ankayembekezera kuti anena kuti inde, aliyense amatero. Mayi Vang anati ayi, iwo sanakomokepo, anakula akupha nkhuku ndi nkhumba. Anati anaonapo atsikana ogwa amene anazolowera, anaonaponso ogwa amene anapita ku desiki, ndipo onsewo akudya ndi kulera ana awo.

"Koma aja ndi bambo ako," anatero. "Phazi la bambo ako si phazi la munthu wamba. Kaya unagwa chifukwa cha chilonda, kaya chifukwa cha mwini chilonda, ine sindingadziwe. Ngakhale iwe sukudziwa."

Kenako anamuonetsa katsukidwe kake, nthawi ino Yadira atakhala pa mpando. Anamuuza kuti azidya kaye asanayambe, azitsegula zenera, ndipo akamva makutu kulira aziumitsa minofu ya miyendo ndi kupuma pang'onopang'ono.

M'mawa woyamba Yadira anakhala pansi penipeni pa khonde la kuseri, poganiza kuti munthu wokhala pansi alibe kogwera. A Eusebio anakhala pa mpando, phazi atalisanjika pa ndowa yovundikira. Yadira anavala magolovesi, anamasula bandeji, ndipo makutu anayamba nyimbo yawo ija. Bambo ake ataona nkhope yake anayamba kusimba za bulu wa agogo ake amene ankakana kuwoloka mlatho pokhapokha amuimbire. Nkhaniyo Yadira anali ataimva kambirimbiri, koma anaigwiritsa ngati chingwe. Anatsuka, anapukuta m'mbali, anaika mankhwala ndi thonje, anamanga. Atamaliza anapita kuseri kwa mtengo wa mandimu n'kusanza chakudya chonse chimene anauzidwa kuti adye.

Mawa lake zinali chimodzimodzi. Mkuja wake sanasanze, koma bandeji inamupulumuka n'kugwera pansi, moti anachita kutenga ina. Panali masiku abwino, kenako tsiku loipa lobwera popanda chifukwa. A Eusebio nkhani za bulu zinawathera, anayamba za anthu a kumudzi kwawo, ena amene Yadira sanawamvepo, ndi za mmene anakumanirana ndi mayi ake pa mzere wolandira malipiro nthawi yokolola mapichesi. Chimwalirire mayi ake, awiriwa anali asanakhalepo pamodzi motere. Kalembera wa masatifiketi anayamba, ndipo Yadira sanalembetse kulikonse.

Vuto lina linali lakuti a Eusebio sankakhazikika. Dokotala anati phazi lisaponde pansi, koma nyengo yodulira mpesa inali kutha, ndipo iwo ankaopa kuti akasowa chaka chino kapitawo sadzawaitananso. Yadira akapita ku shedi, iwo ankavala jombo n'kukwera galimoto ya anzawo. Yadira anazindikira poona matope atsopano pa jombo. Anakangana kwambiri tsiku limenelo. Iwo anati mwamuna wongokhala pa mpando kudikira mwana wake amudyetse ndi maliro oyenda. Iye anati ngati akufuna maliro enieni apitirize.

Patapita masiku angapo, m'mawa wina atamasula bandeji, Yadira anaona kuti chinachake chasintha. Kachala kotsiriza kanali katada kunsonga, ndipo kufiira kumene kale kunali m'mbali mwa chilonda mokha kunali kutakwera pamwamba pa phazi. Anaweramira pafupi, anakanikiza khungu ndi chala, anayerekeza kutentha kwa phazi ili ndi linalo. Anawauza kuti avale, akupita ku chipatala chachikulu. A Eusebio anati adikire namwino woyendera uja abwere, mwina ndi kuzizira chabe. Yadira sanakangane nawo. Anatenga makiyi, anatsegula chitseko cha galimoto n'kuima pomwepo mpaka iwo anabwera akutsimphina ndi kung'ung'udza.

Madokotala anawagoneka tsiku lomwelo, ndipo kachalako anakadula. Phazi linatsala. Yadira atakhala pa benchi ya chipatala kudikira kuti atuluke ku opaleshoni, ndi pamene anakumbukira kuti m'mawa uja anayang'anitsitsa chilondacho nthawi yaitali, nkhope ili pafupi, ndipo makutu sanalire. Sanadziwe kuti aganize chiyani. Mwina mantha aakulu anangophimba aang'ono. Mwina n'chifukwa chakuti ankafufuza chinthu m'malo mongoonerera. Sanafune kudzinamiza kuti wachira.

A Eusebio atatsitsimuka bwinobwino anayang'ana phazi lawo lokutidwa. Kenako anati ku mpesa kwatha, akudziwa. Yadira anafuna kuwatonthoza koma iwo anakweza dzanja. Anati pali china. Kwa zaka zonsezi akhala akuuza aliyense m'minda kuti mwana wawo ndi namwino wa mawa, ndipo tsiku lija ku kiliniki anamukankhira kutsogolo chifukwa chofuna kudzitama.

"Usasankhe chifukwa cha pakamwa panga, Yadi. Ukakhala pa desiki ndizikauza anthu kuti mwana wanga ndi amene amayendetsa kiliniki yonse. Ine chodzitamira sindisowa."

Yadira anaseka misozi ili m'maso. Anawauza kuti sakudziwa ngati angathe ya m'zipinda. Chimene ankadziwa n'chakuti akapita ku desiki tsopano, adzakhala atathawa asanayese pa munthu wachilendo, ndipo funsolo lidzamutsata mpaka ukalamba. Akayesa n'kulephera, desiki idzakhalapobe chaka chamawa, ndipo adzapitako ndi mtima umodzi. Bambo ake anati zimenezo n'zomveka, kenako anafunsa ngati m'chipatala muno munthu angapeze tsabola, chifukwa chakudya chake chinali ngati cha mwana wakhanda.

Analembetsa ya m'zipinda kalembera atatsala pang'ono kutsekedwa. Beto anapukusa mutu, koma ndi iye amene ankabwera kudzakhala ndi bambo awo madzulo a masiku a sukulu, ndipo anaphunzira kumanga bandeji, akuyang'ana kumbali.

M'kalasi anayamba ndi mkono wa labala wokhala ndi timachubu ta madzi ofiira, kenako anayamba kubayana okhaokha. Yadira anauza mphunzitsi poyera zimene zinamuchitikira, ndipo mphunzitsiyo anangoti azikhala pafupi ndi mpando. Kutenga magazi kwa anzake kunayenda, ngakhale thukuta linkatuluka m'magolovesi. Tsiku limene anaonetsedwa kusoka ndi kuchotsa ulusi pa bala anatuluka panja kawiri, n'kubwereranso kawiri.

Kumapeto kwa maphunziro anatumizidwa kukayeserera ntchito pa kiliniki ina yaing'ono ku Orosi. Wodwala woyamba amene anapatsidwa kuti amutenge magazi anali gogo wamkazi wa Chipunjabi, woonda, mitsempha yake yopyapyala ndi yothawathawa. Yadira anabaya n'kuphonya. Anapepesa, anayesanso dzanja linalo, anaphonyanso. Gogoyo sanadandaule, anangomusisita pa mkono, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipiridwa. Anaitana womuyang'anira kuti amalize, iye anapita kuchipinda chosungira katundu n'kukhala pansi mutu uli pakati pa mawondo. Atakhala kanthawi anazindikira kuti chimene chinkamuvuta sichinali chizungulire. Anali manyazi wamba a munthu wophunzira ntchito. Anasamba kumaso n'kubwerera, ndipo wodwala wotsatira anamutenga magazi kamodzi kokha.

Chizungulirecho sichinatheretu. Chinkabwera pa zilonda zonunkha, makamaka za kumapazi, ndipo iye anaphunzira kuchimva chikadali kutali, kukhala pansi, ndi kupitiriza ntchito. Mayeso a satifiketi anakhoza, ndipo kiliniki ya ku Orosi ija inamulemba ntchito. Ku shedi anatsanzika nyengo ya mapichesi isanayambe. A Eusebio anapatsidwa nsapato yapadera, ndipo anapeza chochita chawo: Loweruka ankathandiza mnzawo wina kugulitsa zipangizo zakale pa msika wa kaunjika, atakhala pa mpando, akukangana mitengo ndi anthu kuyambira m'mawa.

Maere achitatu anachitika m'chilimwe. Uthenga unalowa pa foni nthawi ya nkhomaliro, Yadira akudya m'galimoto yake pansi pa mthunzi wa khoma la kiliniki. Dzina lake silinatulukenso. Zinamupweteka, ndipo anadabwa kuona kuti zinamupweteka kuposa kale, chifukwa tsopano ankadziwa chimene ankachifuna. Anali ataona anamwino katani itatsekedwa, ndipo ankafunabe.

Anaimbira bambo ake. Iwo anatukwana maerewo ndi makolo ake omwe, kenako anafunsa kuti kulembetsanso ndi liti. Yadira anati mwezi wamawa. Iwo anati chabwino, ndipo pobwera agule anyezi. Anamaliza chakudya chake, anatsuka m'manja pa mpopi wa kuseri n'kulowa. Pa benchi panali mayi wachitsikana ndi mapasa obwera kudzalandira katemera, mmodzi akulira kale asanaone n'komwe singano. Yadira anawerenga mayina awo kawiri kuti asawasokoneze, kenako anatsegula chitseko n'kuwauza kuti alowe.